Chingerezi cha Pakhonde: "Must", kamawu kakang'ono kogwetsa ndi akuluakulu omwe

Sabata yatha tinathera pa "can" ndi "may", ndipo angapo mwa inu munanditumizira mauthenga kufunsa kuti nanga "must" tidzamuyamba liti, poti ndi amene akuzunguza ana kunyumba. Lero ndi tsiku lake. Ngati bandulo yatsala pang'ono, jambuliranitu tsambali kuti muwerenge modekha, chifukwa lero titalikitsako.

Kamawuka kali ndi zilembo 4 zokha, koma mu Lilongwe muno simungayende tsiku lathunthu osakumana nako. Kali pageti la fakitale ku Kanengo, pomwe alemba kuti mlendo aliyense ayambe waonekera kwa mlonda. Kali pachikwangwani cha sukulu ya pulaiveti ku Area 25, pa nkhani ya fizi ndi yunifomu. Kali m'zidziwitso za ntchito zomwe timatumizirana pa WhatsApp usiku, pa fomu ya ku banki, pa kapepala ka m'bokosi la mankhwala. Ndi yunivesite yomwe tili nayo ya dzina lomwelo, MUST ya ku Thyolo ija, yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2014, ngakhale iyo ndi chidule chabe cha Malawi University of Science and Technology.

Koma taonani momwe kamaphunzitsidwira. Aphunzitsi alemba pabolodi kuti "must" ndi mneni wothandizira wosonyeza kuti chinthu n'chofunika kuchitika. Zitsanzo zitatu: kumvera makolo, kulimbikira sukulu, kusamba m'manja. Ana akopera, belu lalira, nkhani yathera pompo. Sindikunyoza aphunzitsi ayi. Munthu amene waima kutsogolo kwa ana oposa 100, ena atakhala pansi mpaka kukhomo, monga zimakhalira m'masukulu ambiri a boma m'malokeshoni athu ano, alibe mpata woyendera kope lililonse n'kufunsa kuti iwe apa umaganiza chiyani. Ntchito yotsalayo imagwera ife azichimwene ndi azichemwali, amene tinadutsamo kale ndipo tili ndi foni m'manja.

Musaione mopepuka ntchitoyi. Malinga ndi malamulo a MANEB, kuti munthu apatsidwe satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro 6, limodzi mwa iwo ndi kirediti, kapena maphunziro 5 okhala ndi makirediti 3, ndipo njira zonse ziwiri Chingerezi chikhalepo. Mwana akhoza kumaona Masamu ndi Fizikisi ngati madzi akumwa, koma akapeza 9 pa Chingerezi, satifiketi palibe. Ku mayunivesite a boma nako amafuna makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Ndipo m'mafunso osankha yankho aja, banja la "must" silichedwa kutulukira.

Chovuta n'chakuti mwanayo Chingerezicho amakumana nacho m'kalasi basi. Kunyumba, pa kiyosiki ya madzi ku Chinsapo, pamsika wa Nsungwi, m'minibasi ya ku 23, moyo wonse umayenda m'Chichewa. Boma nalo lakhala likutembenukatembenuka. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, chiziyenda limodzi ndi Chingerezi pa ntchito za boma. Mu 1996 unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chakwawo. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna ya nthawiyo, a Lucius Kanyumba, inalengeza kuti zimenezi ziyambira Sitandade 1. Mukafuna kudziwa zomwe zikuchitika zenizeni, kaimeni pawindo la Sitandade 2 ku Biwi kapena ku Kawale, mukamva nokha chiyankhulo chomwe chikugwira ntchito.

Ine maganizo anga ndi akuti mwana wa ku Mgona amafika m'kalasi akudziwa kale zonse zomwe "must" amafuna kunena. Tamverani mayi akuyankhula ndi mwana m'mawa. "Samba!" Limenelo ndi lamulo lopanda apilo. "Usambe" ndi lamulo lomwelo, koma lavalako malaya. "Uzisamba" ndiye kuti tsiku ndi tsiku, mpaka ukule. "Uyenera kusamba" akukukumbutsa udindo. "Ukufunika kusamba" ndiye kuti fungo layamba kumveka. Mwana wa zaka 5 amasiyanitsa zonsezi popanda notsi, ndipo amadziwa bwino kuti ndi iti yomwe ikhoza kutsatana ndi kamtengo.

Chingerezi nacho chili ndi banja lake: "must", "have to", "need to", "should", "ought to". Kungoti mabanja awiriwa salingana mmodzimmodzi. Pomwe Chichewa chagawa pawiri, Chingerezi chaphatikiza. Pomwe Chingerezi chagawa patatu, ife tili ndi mawu amodzi. Zolakwa zambiri zimabadwira m'mipata imeneyo, ndipo mwana amene walemba zolakwika nthawi zambiri amakhala waganiza bwinobwino, kungoti waganiza m'Chichewa.

Tiyambe ndi chophweka. "You must to go." Ndani sanachimvepo? Mwanayo anaphunzira kuti "kupita" ndi "to go", "kudya" ndi "to eat". Ndiye akafuna kunena kuti "uyenera kupita", amachotsa "uyenera" n'kuika "must", amachotsa "kupita" n'kuika "to go". Njira yake ili bwino, yankho ndi lolakwa. Muuzeni kuti "must" ndi "should" sanyamula "ku-" wathu uja: "you must go", "you should go". Amene amanyamula ndi abale awo, "have to", "need to" ndi "ought to". Komanso "must" savala "s". Timati "she must", pomwe "have to" amasintha n'kukhala "she has to". Pofunsa funso "must" amadziimira yekha kutsogolo, "Must I pay today?", koma "have to" amabwereka "do": "Do I have to pay today?" Izi n'zoloweza, mphindi 10 zakwana, tisachedwepo.

Pofunika kukhala pansi ndi pa nthawi yakale. "Must" alibe dzulo. Simunganene kuti "yesterday I must walk to Kanengo", mumati "I had to walk". Amangololedwa pofotokoza zomwe wina ananena, monga "she said I must wait". Sayendanso ndi "will": ndi "I will have to", palibe "I will must". Chifukwa chake n'chosangalatsa. M'Chingerezi cha zaka 1,000 zapitazo munali mneni "motan", wotanthauza kuloledwa kapena kukhala ndi mpata, ndipo "moste" inali nthawi yake yakale. Zaka zikupita, "motan" anafa, "moste" n'kutsala, n'kusanduka "must" wa leroyu. Ndiye kuti kamawuka kanabadwa kali kale m'nthawi yakale, sikangalandire "-ed" winanso. Ana amaikonda nkhani imeneyi kuposa lamulo, ndipo saiwala.

Tsono apa ndi pomwe Chichewa chimatipusitsa. Wina akati "ndinayenera kupita kumaliro ku Area 23", anapita kapena sanapite? Simungadziwe mpaka amalize. Akapitiriza kuti "n'chifukwa chake sindinabwere kuntchito", anapita. Akati "koma ndinalibe ya thiransipoti", sanapite. Chingerezi sichidikira kuti munthu amalize. "I had to go" ndiye kuti ndinapita, panalibe kuchitira mwina. "I should have gone" ndiye kuti sindinapite, ndipo chikumbumtima chikundidya.

Ganizirani mnyamata amene wajomba kugalaja ku Biwi Triangle, akulembera abwana uthenga wopepesa. Akufuna kunena kuti anaperekeza mayi ake kuchipatala. Walemba kuti "I should have taken my mother to the hospital". Abwana awerenga kuti kuchipatalako sanapite. Nanga anali kuti tsiku lonse? Sipelo ili bwino, ulemu ulipo, koma ntchito yake ili m'madzi.

Pali wachitatu amene ana amamusokoneza ndi awiriwo, "he must have gone". Ameneyu alibe lamulo m'kati mwake ngakhale pang'ono. Woyankhulayo akungoganizira kuchokera pa zomwe akuona. Mwafika pakhomo, pali loko, njinga palibe: "ayenera kuti wachoka". Mwaona? Ife tomwe timagwiritsa "-yenera" yemweyo pa ntchito ziwiri, ya lamulo ndi ya kuganizira, ndipo timasiyanitsa ndi ka "kuti". "Ayenera kugona" ndi "he must sleep". "Ayenera kuti wagona" ndi "he must be asleep". Apa ziyankhulo ziwirizi zimayenda ngati ana a mimba imodzi, ndipo ndimadabwa kuti mwana sitimuonetsa zimenezi. Ingokumbukirani kuti chokana chake ndi "can't": "he can't be asleep, the radio is on", sizingatheke kuti wagona wailesi ikulira chonchi.

Tsopano tifike pa dzenje lalikulu. "You must pay" ndi "you have to pay" ndi pafupifupi chimodzimodzi. Munthu angaganize kuti akaikapo "not" zikhalabe chimodzimodzi. Ayi ndithu, zimasiyana ngati usana ndi usiku. "You must not pay" ndi choletsa: musalipire, mukalipira mwalakwa. "You don't have to pay" ndi ufulu: palibe chokukakamizani, mukafuna lipirani, mukapanda kufuna palibe mlandu. "You needn't pay" ndi "you don't need to pay" ali mbali ya ufuluyo. Nanga m'Chichewa timati chiyani? "Simukuyenera kulipira." Basi. Mawu amodzi pa zonse ziwiri, ndipo timadalira nkhope ndi kamvekedwe ka mawu a woyankhulayo kuti tidziwe ngati akutiletsa kapena akutimasula. Pepala lilibe nkhope.

Tisadziderere, Ajeremani nawo amagwa m'dzenje lomweli. Kwawo "du musst nicht", yomwe ikuoneka ngati mapasa ndi "you must not", imatanthauza kuti palibe chokukakamiza. Ndiye si ife tokha.

Njira yomwe ndimaona kuti imagwira ndi kuthamangitsa "simukuyenera" pa phunziro limeneli. Muuzeni mwana kuti "must not" ndi "musa-" kapena "n'zoletsedwa", pomwe "don't have to" ndi "sikofunika" kapena "zili kwa inu". Kenako mutengereni ku zinthu zoti akalakwitsa aone kuopsa kwake. Mankhwala a malungo aja timawatcha LA amamwa maulendo 6 pa masiku 3, ndipo thupi limayamba kupepuka asanathe. A TB ndi miyezi 6. Kapepala kakati "you must not stop", wina n'kumva ngati "zili kwa inu", matenda amabwerera, ndipo TB ndiye ikhoza kubwerera yosamvanso mankhwala. M'nyumba zambiri ku Kawale kapena ku Chinsapo, amene amawerengera agogo kapepala kotere ndi mwana wa Fomu 2. Agogo amamwera mankhwala galamala ya mwanayo.

"Need" naye ali ndi kamsampha kake komwe amatchera a Fomu 4. Madzi asiya pampopi, mwadzuka m'mamawa kukatunga kutali, mukufika ndi ndowa pamutu mupeza mpopi ukuthira. Mwadzivutitsa chabe. Chimenecho ndi "I needn't have fetched water": ndinatunga, koma sikunali kofunika. Mukanadzuka n'kupeza madzi alipo, n'kubwerera kukagona, mukanati "I didn't need to fetch water". Mwana wa mu Lilongwe chitsanzo chimenechi sachivutikira, amachidziwa ndi khosi lake.

Pa zidziwitso za ntchito ndiye pali wina wochenjera, "need not apply". Akalemba kuti "those who applied earlier need not apply", akutanthauza kuti kalata yanu ija ilipo, musavutike kutumizanso. Koma akati amene alibe laisensi "need not apply", kumeneko n'kukuthamangitsani mwaulemu. Phunziraninso kusiyanitsa zomwe zalembedwa ndi "must" ndi zomwe zalembedwa kuti "preferably" kapena "an added advantage". Zoyambazo ndi geti. Ngati mulibe, musataye ndalama ya fotokope ndi envelopu. Zachiwirizo ndi zokhumba chabe za olemba ntchito. Ndaona anzanga, makamaka atsikana, akusiya kufunsira ntchito yomwe akanaitha bwinobwino chifukwa cha mzere umodzi womwe sunali wa "must" n'komwe, pomwe anyamata ena opanda ndi theka lomwe la zofunikazo amangotumiza, ati tikaonera konko.

Olemba malamulo amadziwa kulemera kwa timawuti. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, Highway Code, limalemba MUST ndi MUST NOT m'zilembo zikuluzikulu pa zomwe ukaphwanya wapalamula mlandu, ndipo "should" limamusungira malangizo. Akatswiri okonza kayendedwe ka intaneti nawo anachita kugwirizana mu 1997, m'chikalata chotchedwa RFC 2119 chomwe analemba Scott Bradner, kuti MUST, SHOULD ndi MAY azitanthauza chiyani kwenikweni, pofuna kuti makina opangidwa ndi makampani osiyanasiyana azimvana. Foni yomwe mukuwerengerapoyi ikumvana ndi intaneti, mwa zina, chifukwa anthu ena anakhala pansi n'kusiyanitsa "must" ndi "should". Kwathu kuno malamulo ndi makontirakiti amakonda "shall". Mukaona "the tenant shall pay" pa pepala la alandilodi, musaganize kuti ndi "shall" wa zam'tsogolo uja tinaphunzira ku pulaimale, woti mudzalipira nthawi ina. Ameneyo ndi "must" wovala suti.

Nkhani yomwe mabuku athu saikhudza kwenikweni, koma imationonga kwambiri ife achinyamata, ndi ya ulemu. M'Chichewa ulemu uli mwa "mu-", mwa "-ni" ndi mwa "-ko". Ukati "bwana, mundithandizeko ndi tchuthi cha masiku awiri", palibe amene angakuone mwano. Chiganizocho chagwada kale. Koma mneni wothera ndi "-e" ameneyu, "mundithandize", "mundipatse", "ndibwere", tinazolowera kumutembenuza ndi "should" kapena "must". Zotsatira zake ndi mauthenga onga awa: "Sir, you should give me two days off." "Madam, you must send me the notes." Wolembayo mumtima wagwada, manja ali pachifuwa, koma pafoni waimirira akuloza abwana chala.

"You" wa Chingerezi alibe "inu". Yemweyo ndi wa kamwana, yemweyo ndi wa apongozi. Ndiye poti ulemu sungakhale mwa mlowam'malo, Angerezi anausamutsira kwina: amasandutsa pempho kukhala funso. "Could I have two days off?" "Would you please send me the notes?" "May I come in?" Funso limampatsa wamkuluyo mpata wokana, ndipo mpata umenewo ndiwo kugwada kwawo. Mukamuuza mwana kuti "-ko" wathu uja m'Chingerezi amasanduka "could" ndi chizindikiro cha funso, mwamupulumutsa ku manyazi a zaka zambiri.

Pakati pa ife tokha Amalawi, "I should come?" timamvana, ndipo ine sindiona chifukwa chochitira manyazi ndi Chingerezi chathu cha m'misewu. Chili ndi kukoma kwake. Koma wochonga mayeso adula malikisi, ndipo munthu amene akuwerenga imelo yanu ku Leeds kapena ku Dubai sadziwa kuti kuseri kwa "should" wanuyo kuli "ndibwere?" wofatsa. Amangoona mwana wodzimva. Ndiye kwa munthu wamkulu kapena wokuposani udindo, "must" mpeweni, pokhapokha ngati mukumuchitira zabwino. "You must come and eat with us", "you must try this chambo", zimenezo n'chikondi, ngati momwe azakhali amakukakamizira kuti idya mwanawe, sunadye, mbale ili yachiwiri.

Abale athu a ku Joni amabweranso ndi "must" wina. Ku South Africa n'zachizolowezi kumva "Must I close the door?" pomwe Mngerezi akanati "Shall I close the door?", ndipo akatswiri a ziyankhulo amati izi zinachokera ku Afrikaans, komwe mawu oti "moet" amagwira ntchito yotakata chotero. Achimwene akabwera pa Khirisimasi ndi "must" paliponse, musawaweruze, koma mwana asakakopere pa mayeso.

Nanga kusiyana kwa "must" ndi "have to" komwe mabuku amalimbikira kuja? Amati "must" amachokera mumtima mwa woyankhula, "have to" amachokera kunja. "I must call my mother", ndadziuza ndekha. "I have to wear a helmet", lamulo la pamsewu likutero kwa wokwera njinga yamoto, akabaza omwe. Pa mayeso tsatani zimenezo. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku mpandawo ndi wogumuka, ndipo anthu ambiri a ku America poyankhula amangoti "have to", kapena "gotta" yomwe mumaimva m'mafilimu ija. Palibe amene anachotsedwapo ntchito chifukwa wanena "have to" pamalo pa "must". Ndikanakonda nthawi yomwe timathera pamenepa tikanaipereka kwa "must not" ndi "don't have to".

Ndiye tiphunzitse bwanji pakhonde madzulo, magetsi atathima? Ine sindiyamba ndi buku. Yendani naye mwana kuchoka pa siteji mpaka pamsika, ajambule ndi foni yanu chikwangwani chilichonse chokhala ndi lamulo, cha Chingerezi ndi cha Chichewa chomwe. M'makoma athu muli zambiri: "Osataya zinyalala pano." "Osakodza pano." "Lipirani musanadye." Mukafika kunyumba atembenuze cha Chichewa chikhale Chingerezi, cha Chingerezi chikhale Chichewa. "Osataya zinyalala pano" asanduke "you must not dump rubbish here". Kenako mufunseni kuti atachotsa "must not" n'kuika "don't have to", mwini mpanda angamve bwanji. Akaseka, ndiye kuti wamvetsa.

Mukhozanso kutenga zomwe anaziona ndi maso ake. Ana amene ali ku sekondale lero akukumbukira 2020, masukulu atatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndi lamulo la mamasiki lomwe linabwera mu Ogasiti chaka chomwecho. Akukumbukiranso Januwale 2023, pomwe masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera. Muuzeni alembe ziganizo zingapo za zomwe ankakakamizidwa kuchita nthawi imeneyo, ndi zina za zomwe anapumako. Sangamuthawe "had to", ndipo "we didn't have to wake up early" adzatuluka yekha, mwanayo akumwetulira.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti kulowetsa Chichewa m'phunziro la Chingerezi n'kumuononga mwana. Ambirife tinadutsa m'masukulu momwe munali lamulo loti "students must speak English", ndipo wogwidwa akuyankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo, kukolopa kapena kutchetcha. Cholinga chinali chabwino, poti chiyankhulo chimalowa ndi kuchiyankhula, ndipo mwana amene sayesa kutsegula pakamwa sadzachidziwa. Koma zomwe ndinaona ine n'zakuti ambiri sankayankhula Chingerezicho. Ankangokhala duu mpaka belu. M'mutu kumasulira kunkachitikabe, mobisa, popanda wokonza, ndipo "must to" ndi "you should give me" amabadwira mumdima momwemo. Bola kumasulirako kuchitikire poyera, pomwe mungamuimitse mwana n'kumuonetsa kuti apa Chichewa chakuthandiza, apa chakusocheretsa. Ngati pali ophunzira zauphunzitsi a pa Lilongwe TTC ku Area 25 amene akuwerenga, mukapita kokayeserera kuphunzitsa tayesani kulemba "ayenera kugona" ndi "ayenera kuti wagona" pabolodi musanalembe "must", mudzatiuze momwe zayendera.

Ntchito ya sabata ino nayi, ndipo mupange naye mwanayo, musamupangire. Atembenuzire m'Chingerezi ziganizo izi. "Musamwe madzi a pachitsime osathira klorini." "Sikofunika kubwera ndi ndiwo, kuno zilipo." "Dzulo ndinayenera kuyenda wapansi kuchoka ku Mgona mpaka m'tauni chifukwa minibasi kunalibe." "Magetsi ayenera kuti abwera, firiji ikulira." Chomaliza ndi cholembera ahedi: "Mundiloleko ndiweruke msanga lero." Pa ziganizo 5 zimenezi, "must" aonekere pawiri pokha. Akaonekera pa cha ahedicho, bwererani naye pa nkhani ya ulemu ija. Mayankho tidzaonera limodzi sabata yamawa tisanalowe mu "used to".